Nyimbo Ziwiri Zimene Zinandiulula Tchimo Langa

Ndifuna kukusimbirani za tchimo lina limene ndinakhala nalo zaka zambiri osalizindikira, ndi umo nyimbo ziwiri zinandiululira ilo. Tchimolo ndi ili: ndinaweruza mtundu wathunthu wa anthu, ndisanaone ngakhale mmodzi wa iwo.

Pamene ndinali mwana wa sukulu, m'masiku a Dr Banda, tinkamva kuti pa dziko lapansi pali maufumu awiri aakulu odana, America ndi Russia, amene pa nthawiyo anali mutu wa Soviet Union. Aphunzitsi athu anatiuza kuti boma la ku Russia likana Mulungu, litseka nyumba zopemphereramo, ndi kuponya alaliki m'ndende. Ndipo sananame, pakuti zimenezi zinachitikadi. Koma ine ndinawonjezapo zanga za chibwana: ndinayesa kuti kumeneko kulibe munthu wogwada, kulibe mayi woyimbira khanda lake, kuli asilikali ndi mabomba okhaokha.

Maganizo amenewa ndinalowa nawo ku sukulu ya aphunzitsi. Kumeneko kunali Dona wina wokalamba wa mishoni, wotiphunzitsa nyimbo, amene anali ndi galamafoni yakale m'nyumba mwake. Tsiku lina madzulo anaitana ife anyamata a kwaya, naika mbale pa galamafoniyo. Kunamveka malipenga poyamba, pamenepo piyano, ndilo limba lalikulu la zingwe, inagunda ngati mvula yoyamba pa malata. Ndipo ine, amene ndinazolowera kalimba kakang'ono ka m'tchalitchi, ndinakhala duu. Itatha, ndinafunsa, "Amayi, nyimbo yotere aipeka ndani?"

Anayankha kuti woipeka ndi Pyotr Tchaikovsky wa ku Russia, woliza piyano ndi Van Cliburn wa ku America, ndipo wotsogolera gulu la oliza zingwe ndi malipenga ndi Kirill Kondrashin, wa ku Russia yemwe. Natifotokozera mbiri yake motere.

M'mwezi wa October 1957 a ku Russia anaponya m'mlengalenga kachombo kotchedwa Sputnik, kozungulira dziko, ndipo a ku America anachita mantha, poona kuti adani awo awapitirira nzeru. Chaka chotsatira, 1958, a ku Russia anakonza mpikisano wa oyimba ku Moscow, nautcha dzina la Tchaikovsky, akuyembekeza kuti mwana wa kwawo ndiye adzapambana. Koma kunafika mnyamata wamtali wa zaka 23 wochokera ku Texas, wa mpingo wa Baptist, ndiye Van Cliburn. Amake ndiwo anayamba kumphunzitsa piyano, ndipo ku New York anaphunzira kwa mayi Rosina Lhévinne, amene iye mwini anaphunzira ku Moscow. Chotero mnyamatayo anabwezera eni ake nyimbo zawo monga anazilandira kwa mmodzi wa iwo. Ataliza nyimbo ya Tchaikovsky ndi ya Rachmaninoff, anthu a mu Moscow anaimirira, nawomba m'manja mphindi 8 osaleka. Oweruza anaopa kupereka mphotho kwa mlendo wa dziko lodana nalo, natumiza mawu kwa wolamulira wawo, Nikita Khrushchev. Iye anangofunsa ngati mnyamatayo anaposadi onse. Ndipo atamva kuti inde, analamula kuti ampatse. Pobwerera kwawo anamyendetsa m'misewu ya New York namuwaza mapepala, monga achitira ndi ngwazi za nkhondo. Ndipo mbale imene tinamvayo inagulidwa koposa 1,000,000.

Ine ndinauma mtima, ndi kuti, "Komatu, Amayi, kuwomba m'manja si kupemphera. Anthu aja ndi osadziwa Mulungu." Donayo sanakwiye. Anadziwa kuti bambo anga anamwalira chaka chomwecho, nandifunsa nyimbo imene tinayimba potsitsa bokosi m'manda. Ndinati ndi ija yotamanda ukulu wa Mulungu, imene Angerezi aitcha How Great Thou Art, ndi imene ife tiiyimba m'chinenero chathu pa maliro ndi pa misonkhano. Iye anati, "Mwananga, kodi udziwa njira imene inayenda kufikira pa manda a bambo ako?"

Taonani njira yake. Mawu ake oyamba anawalemba Carl Boberg wa ku Sweden mu 1885, ataona mvula ya mabingu ikupita, ndi bata likubwera pambuyo pake. Ena anaisandutsa m'chinenero cha ku Germany, ndipo mu 1912 Ivan Prokhanov, mtsogoleri wa okhulupirira a ku Russia, anaisandutsa m'chinenero cha kwawo. Akhristu a kumeneko anaisunga m'kamwa mwawo pa zaka zosautsa zimene zinatsatira. M'zaka za m'ma 1930 mmishonale wa ku England, Stuart Hine, anaimva ikuyimbidwa m'chinenero cha ku Russia pamene analikulalikira m'midzi ya ku Ukraine. Naisandutsa m'Chingerezi, nawonjezapo ndime zake, naisindikiza mu 1949. Ndipo mu 1957, chaka chomwecho cha Sputnik, George Beverly Shea anaiyimba pafupifupi ka 100 pa misonkhano ya Billy Graham ku New York, ndipo pochokera pamenepo inafalikira pa dziko lonse.

Abale, ndinagwidwa ndi manyazi aakulu. Nyimbo imene inapukuta misozi ya amayi anga inadzera m'kamwa mwa anthu amene ine ndinkati alibe Mulungu. Iwo anaiyimba pamene kupemphera kunali kudziika m'manja mwa apolisi, ndipo ine ndinaiyimba pansi pa mtengo wa mango popanda wondiopsa. Nanga wokhulupirira koposa ndani? Ndinakumbukira Yona, amene anafuna kuti Nineve awonongeke osawerengera anthu a m'mudzimo, ndipo usiku umenewo sindinagone msanga.

Musayese kuti nyimbo inathetsa udani wa maufumu awiriwo. Iyayi, mu 1962 anatsala pang'ono kuponyerana mabomba chifukwa cha chilumba cha Cuba. Koma kanjira kamene oyimba anatsegula sikanamere udzu. Mu December 1987, pamene Mikhail Gorbachev anacheza kwa Ronald Reagan ku Washington kudzasaina pangano lochepetsa zida, anaitana Van Cliburn yemweyo kudzaliza piyano ku White House; naliza nyimbo yokondedwa ya ku Moscow, ndipo Gorbachev ndi mkazi wake anayimba naye pamodzi. Ndipo mu 1992, Soviet Union itagwa, kwaya ya asilikali a ku Russia inayimba nyimbo yachikhristu ya ku America pa msonkhano wa Billy Graham mu Moscow momwemo.

Chimene chandilembetsa zimenezi ndi mwana wina wa m'kalasi mwanga. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa feteleza unakwera, ndipo makolo ambiri anabzala popanda chothira. Tsiku lina tikuyang'ana mapu, mnyamatayo anaika chala pa Russia, nati, "Aphunzitsi, anthu onse a uku ndi oipa." Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa mwana. Sindinamuuze kuti nkhondoyo ndi yabwino, pakuti kulowa m'dziko la mnzako ndi zida ndi choipa, ndipo dziko limene Hine anamvamo nyimbo ija ndilo limene linathiridwa nkhondo. Koma ndinaimiritsa kalasi lonse, tinayimba ndime imodzi, ndi kuwafotokozera njira yake monga Dona uja anafotokozera ine. Mnyamatayo anakhala chete, pambuyo pake nafunsa ngati ku Russia kulinso ana amene atate awo anafera ku nkhondo. Ndinati alipo, ndipo tinawapempherera pamodzi ndi a ku Ukraine.

Tsono ndikufunsani inu, abale: kodi sitichita chomwecho kuno kwathu, pamene titi a mtundu wakuti ndi onyada, a chigawo chakuti ndi akuba, a mpingo wakuti sadzalowa kumwamba? Makolo anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pamene mudzayimbanso nyimbo ija pa Sabata kapena pa manda, kumbukirani milomo imene inainyamula isanafike kwa inu, ndipo mupempherere eni milomoyo.

Tsalani ndi mtendere.

Ine mbale wanu mu ntchito,
Mphunzitsi