Zigoba Ziwiri za Zau

Abambo anga anamwalira mu Novembala chaka cha 2023, ine ndili ku Johannesburg kumene ndimaphunzitsa zolembalemba. Uthenga unandipeza usiku, basi imene ndinakwera inachedwa pamalire, ndipo pofika kumudzi kwathu ku Dedza ndinapeza mtumbira uli wauwisi, anthu atabalalika kale. Ndinalira, ndinametedwa pamodzi ndi abale anga monga mwa mwambo, kenaka ndinabwerera kuntchito. Komatu munthu amene sanaone nkhope ya womwalira amatsala ndi kanthu kosamalizika mumtima. Kwa miyezi yambiri sindinathe kuwerenga buku ngakhale limodzi mpaka kumapeto, ine amene kuwerenga ndilo khasu langa.

Nthawi imeneyo ndinkasunga mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa payunivesite, amene madzulo alionse ankakhala pamaso pa kanema, zala zili pamabatani, akusewera zimene achinyamata amangoti magemu. Ndivomere kuti masewera amenewa ndinkawanyoza. Tsiku lina ndinamupeza akusewera Marvel's Spider-Man 2, gemu ya 2023, ndipo ndinaima kumbuyo kwake n'kumasirira mzinda wa New York wojambulidwa mwaluso lodabwitsa, dzuwa likunyezimira pamagalasi a nyumba zosanja. Patapita mphindi zingapo ndinanena mwamatama kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iye osatembenuka n'komwe anangoti, "Amalume, mukuweruza mlandu umene simunaumve. Dzagwireni nokha."

Ndinadzagwira mu Meyi 2024, pamene anandibweretsera gemu yaing'ono yotchedwa Tales of Kenzera: Zau, imene inali itangotuluka mu Epulo. Mwini nkhaniyo ndi Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake ndi ochokera ku Kenya, ndipo anaipanga ndi kagulu kake ka Surgent Studios pokumbukira bambo ake omwe anamwalira. Zau ndi mnyamata wachisoni, nganga, liwu limene khutu la Mchewa limalizindikira msanga chifukwa ndi mbale wake wa sing'anga. Iye apangana ndi Kalunga, mulungu wa imfa, kuti akamuperekera mizimu itatu ikuluikulu imene yakana kugonja, Kalungayo adzamubwezera bambo ake. Zida zake ndi zigoba ziwiri zimene bambo akewo anamusiyira: cha mwezi chomenyera adani ali patali, ndi cha dzuwa chomenyera ali pafupi.

Masiku oyamba ndinali choseketsa. Zala zanga, zozolowera choko ndi cholembera, zinkasokoneza mabatani, ndipo Zau ankagwera paminga kambirimbiri pamalo amodzimodzi. Mnyamata uja ankangoti, "Bwerezaninso, amalume," ine n'kumadzilimbitsa mtima kuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pang'onopang'ono ndinayamba kuona mmene gemuyo inamangidwira. Dziko la Kenzera lili ndi njira zambiri zotsekeka: mumaona khomo kapena mathithi amene simungadutse, mumabwerera, ndipo patapita maola, mutaphunzira luso latsopano, mumadzafikanso pamalo omwewo n'kudutsa. Usiku wina nditadutsa malo amene anandikanika sabata yathunthu, ndinazindikira kuti umo ndi mmene chisoni changa chinkayendera. Panali zinthu za abambo zimene sindinkatha kuziyandikira, monga uthenga wa mawu awo umene unatsala mufoni yanga, ndipo ndinkangozizungulira. Usiku womwewo ndinaumvera koyamba. Ankandifunsa ngati ndatumiza ndalama ya feteleza.

Apa mpamene pagona kusiyana kumene ife ophunzitsa zolembalemba timachedwa kukuona. M'buku wowerenga amayang'ana mpangankhani akukana imfa ya kholo lake, ndipo akhoza kumumvera chisoni kapena kumudzudzula ali chapatali. M'gemu wokanayo ndinu. Chala chimene chikukankha Zau kuti apite patsogolo ndi pangano lake losatheka ndi chanu, ndipo Kalunga akamalankhula naye modekha ngati nkhalamba ya pabwalo, mawuwo amagwera inu amene mwagwira mabatani. Nazonso zigobazo sizinali zachilendo kwa ine. Kwathu gule wamkulu amatuluka pamaliro kudzaperekeza mzimu wa womwalira, choncho kuona mwana wamasiye akuvala chigoba cha bambo ake kuti ayende pakati pa amoyo ndi akufa kunandikumbutsa bwalo limene ndinafikapo mochedwa.

Sindikunena kuti Zau ilibe chilema. Adani ake ndi a mitundu yochepa ndipo amabwerezedwa mpaka kutopetsa, pomwe malo ena othamangitsidwa amalanga wosewera pa kaphonyedwe kakang'ono. Palinso nkhani imene wophunzira wa chikhalidwe sangaiphonye. Gemuyi inatola zinthu m'miyambo yosiyanasiyana ya anthu olankhula zinenero za Chibantu n'kuziika mumphika umodzi: Kalunga wa ku Angola ndi Congo, mbalame yamphezi Impundulu ya Azulu ndi Axhosa, ndi mawu a Chiswahili. Ndi Africa wokumbukiridwa ndi mwana wobadwira kunja, ndipo nthawi zina msoko umaonekera. Komabe zilema zimenezi ndi za munthu amene anali ndi chonena ndipo mphamvu zinamuchepera. Ngakhale msika sunamukomere mtima, pakuti mu Julaye 2024, patangotha miyezi itatu, Surgent Studios inachotsa ena mwa antchito ake.

Chilema cha magemu ambiri a makampani akuluakulu n'chamtundu wina. Malinga ndi zikalata zimene zinaululika mu 2023, Spider-Man 2 ija inadya ndalama zokwana pafupifupi madola 300 miliyoni. Woika chuma chotere pachinthu chimodzi amagona ndi mantha, ndipo mantha amabala kubwereza: chimene chinagulidwa chaka chatha chipangidwenso, chikule, chinyezimire koposa. Mu Ogasiti 2024 kampani ya Sony inatulutsa Concord, gemu yowomberana imene inatenga zaka zambiri kuipanga, koma inafanana ndi zina zimene anthu anali nazo kale, ndipo patangotha masabata awiri inachotsedwa pamsika, ogula n'kubwezeredwa ndalama zawo. Luso la ojambula linalipo lochuluka. Chinasowa ndi chifukwa choti munthu asiye zimene akuchita n'kudzakhala pansi.

Kungakhale kunama kunena kuti kukula ndiko tchimo. Nditamaliza Zau, mnyamata uja anandipatsa Red Dead Redemption 2 ya 2018, gemu yaikulu yopangidwa ndi anthu mazanamazana, ndipo nkhani ya Arthur Morgan, chigawenga chodwala chifuwa chachikulu chimene chikuyesa kukonza zimene chingathe nthawi isanathe, inandigwira mtima ngati nthano yolembedwa bwino. Mu 2025 kunabwera Clair Obscur: Expedition 33, yopangidwa ndi Sandfall Interactive ya ku Montpellier ku France, kagulu kamene phata lake linali anthu pafupifupi 30. Mmenemo mzimayi wojambula amalemba nambala chaka chilichonse, ndipo onse a msinkhu umenewo amazimirira. Nayo ndi nkhani ya banja lolephera kuvomera imfa. Inapambana mphotho ya gemu yabwino koposa ya chakacho pa The Game Awards, patsogolo pa zina zodula kuposa iyo. Muyeso umene ndatsala nawo tsopano ndi funso limodzi: kodi chimene zala zanga zikuchita chikugwirizana ndi chimene nkhaniyi ikunena? Pamene ziwirizi zagwirizana, gemu imakoma, kaya yaikulu kaya yaing'ono. Kungoti aang'ono, posakhala ndi chuma chambiri choti ataye, amalimba mtima kawirikawiri.

Zimenezi zikutikhudza ife a m'chigawo chino mwapadera. Madola 300 miliyoni sitidzawaona msanga, koma Stardew Valley ya 2016 inapangidwa ndi munthu mmodzi, Eric Barone, amene anajambula, kulemba ndi kupeka nyimbo zake yekha kwa zaka zoposa zinayi. Kuno ku Johannesburg kagulu ka Nyamakop kanatulutsa Semblance mu 2018, ndipo inafika mpaka pamakina a Nintendo. Zau ikhoza kuseweredwa mawu onse akumveka m'Chiswahili, ndipo nditaimva choncho ndinachita nsanje yabwino. Nthano zathu za kalulu ndi fisi, zokhala ndi mayesero obwerezabwereza ndiponso omvera amene amayankha kuti tilitonse, zinali kale masewera ofuna kuti womvera achitepo kanthu. Ophunzira athu akuthera maola ambiri m'maiko opekawa kuposa m'mabuku amene timawapatsa, ndipo mphunzitsi amene akukana kulowamo akudzimana mwayi wodziwa kumene malingaliro a ana ake akuumbidwira.

Zau ndinaimaliza Loweruka lina usiku, mnyamata uja atakhala pambali panga chete. Monga aliyense angaganizire, pangano lija silithera pomwe Zau ankafuna. Chimene amapeza ndi mphamvu yotsanzikana. Mayina a opanga gemuyo akuyenda pakanema, ndinaika pansi chowongolera chija manja akunjenjemera. Mnyamatayo anadzuka, nakateleka madzi a tiyi, ndipo ali kukhitchini komweko anafunsa kuti, "Amalume, za chiliza cha agogo zija, mwaganiza kuti tipite liti?" Ndinali nditazengereza nkhani imeneyi kwa miyezi isanu ndi iwiri, ngakhale alongo anga ankaimba foni mobwerezabwereza. Ndinamuuza kuti ayang'ane mtengo wa matikiti a basi a mu Seputembala, a anthu awiri.