Muyeso Ndi Khutu

Pali anthu amene sakhutira ndi kungomva nyimbo. Iwo amafuna kumva ngakhale kupuma kwa woimba ndiponso kukhudza kwa chala pa nsambo ya gitala. Otereŵa amatha zaka akuyerekeza makina oimbira mbale, zokuzira mawu ndi masipika.

Mkangano pakati pao sutha. Ena amati mbale zakuda za galamafoni zimatulutsa mawu onona kuposa CD, imene makampani a Sony ndi Philips adaitulutsa m'chaka cha 1982. Ena salekana ndi zokuzira mawu za mavavu agalasi, zonga za McIntosh, ngakhale zimatentha ndi kudya magetsi ambiri. Ku Japan ena adafika podzikitsa mzati waowao wa magetsi pakhomo, poopa kuti magetsi ogaŵana ndi anansi angadetse mawu.

Komatu khutu lili ndi malire. La mnyamata limamva mawu onjenjemera kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi, koma likamakalamba, mawu okwera kwambiri amalithaŵa. Tsoka lake, ndalama zogulira zipangizozi kaŵirikaŵiri zimapezeka makutu atafooka kale.

N'chifukwa chake wodziŵa kusankha amatenga nyimbo imene adaizoloŵera n'kuimvera pa zipangizo ziŵiri, mawu atakwezedwa mofanana, osaona dzina kapena mtengo wake. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akalephera kusiyanitsa, amagula chotsika mtengo, ndipo ndalama zotsalazo amagulira nyimbo zina.