Ku Marka foni nayo imaoloka malire popanda pasipoti

Awerengi, m'mudzi uliwonse masiku ano muli munthu mmodzi amene anthu anamusankha popanda voti, popanda kampeni, popanda ndi tisheti yomwe, kuti akhale dokotala wa mafoni. Sukulu yake sanapiteko. Mlandu wake ndi woti anafika Fomu 4, ndipo tsiku lina anthu anamuona akudina foni mofulumira. Kwathu kuno ku Marka, kwa mfumu yaikulu Ndamera m'boma la Nsanje, mpando umenewu unagwera ine. Ntchito yanga yeniyeni ndi kutola nkhani n'kumatumiza ku nyuzi, akalipira alipira, akachedwa tidikira. Koma mukafika pamsika n'kufunsa kuti mtolankhani uja amakhala pati, anthu angokuyang'anani kukamwa. Nenani kuti mnyamata wa mafoni, ndi mwana yemwe akulondolerani.

Malipiro ake? Mbatata, mlamba wowamba, nthawi zina "takhuta" basi. Inu akumtunda musaganize kuti munthuyo wadya nsima, kwa ife Asena takhuta ndiye zikomo. Chomwe ndaona pa ntchito yosalembedwayi n'chakuti mafoni ambiri amene amabwera eni ake atawalira kale maliro amakhala ali moyo ndithu. Ndipo pamene pali imfa yeniyeni, yotayitsa munthu ndalama, anthu sapayang'ana n'komwe.

Tiyambe ndi matenda a kwathu kuno, amene munthu wa ku Lilongwe sangawamvetse. Marka ndi kumathero kwa dziko. Mukangodutsa pachipata mwalowa Vila Nova da Fronteira, ku Mozambique, njanji n'kumapitirira chaku Mutarara mpaka ku Beira. Munthu pachipata amafunsidwa mapepala, koma netiweki imangodutsa ngati mphepo. Foni inapangidwa kuti ikasowa nsanja ya kwawo izigwira ya dziko lina imene kampani yake inagwirizana nayo. Ndiye mayi apita kumunda chakumalire, foni ili pamfundo ya chitenje, pobwera apeza uthenga wowalandira m'dziko la eni, chonsecho phazi lawo silinachoke pa dothi la Malawi. Akati aimbe, mayunitsi atha ngati madzi otungira m'dengu. Bandulo imene anagula dzulo siigwira, nanga si ya kuno ndi ya kuno. Mawu oyamba pofika pakhomo panga amakhala oti, "Mwananga, foniyi andilodzera."

Palibe mfiti apa. Lowani pa Settings, fufuzani pamene alemba Mobile network, kenaka Network operators, muzimitse zoti foni izidzisankhira yokha, musankhe nokha kampani yanu. Pomwepo zimitsaninso Data roaming. Timafoni tamabatani nato tili ndi malo amenewa, pamalembedwa Network selection. Kumbukirani chabe kuti tsiku limene mudzaolokedi kukaona abale, foniyo idzakhala duu mpaka mutaibwezera m'chimake. Amene amayenda kawirikawiri anachenjera kale, ali ndi masimu awiri, ina ya +265 ina ya +258, monga ya Movitel, kampani imene inayamba mu 2012 n'kudzaza nsanja m'midzi ya tsidyalo. Awa vuto lawo ndi limodzi, kuiwala kuti intaneti aikhazika pa simu iti.

Matenda achiwiri ndi a m'mimba. Foni yakhuta. Munthu ali pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi, la banki mkhonde, la maliro a m'mudzi, la anzake a kusekondale, kuphatikizapo la otukwanana za Bullets ndi Wanderers. Kanema aliyense amene watumizidwa m'magulu onsewa akudzitsitsa yekha usiku ndi usana, n'kumadya bandulo ndi malo omwe. Kafoni ka Itel kosauka kaja kalekerenji kuuma? Mankhwala ake ali mu WhatsApp momwemo, pa Storage and data: letsani kuti zithunzi ndi makanema zisamadzitsitse zokha, ndipo pa Manage storage mufufute zija munazitumiziridwa kasanu. Za memore khadi yotchipa ya pamsika, yolembedwa 64GB pamwamba koma m'kati muli kachibowo, ndingoti musaikemo zithunzi za ukwati. Palinso amene amabwera WhatsApp itakana kutseguka chifukwa anachotsa batire, tsiku n'kubwerera m'mbuyo zaka zingapo. Konzani tsiku ndi nthawi, basi yadzuka.

Kutentha nako tisakuiwale. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapyola madigiri 40, moti ndi mbuzi yomwe imasowa pogona. Chichokereni namondwe wa Ana, amene mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa n'kuchotsa mphamvu pafupifupi mamegawati 130, anthu ambiri anaphunzira kudalira sola. Zabwino. Koma kasola kamafuna dzuwa, foni siifuna. Mukayanika zonse ziwiri padenga la malata, batire imatupa ngati chitumbuwa, ndipo batire yotupa siikonzedwa, ndi yosintha msanga isanakuphulikireni m'thumba. Gulani chingwe chachitali, sola padzuwa, foni pamthunzi.

Tsopano madzi. Chigwa cha Shire chaona zambiri: kusefukira kwa Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi mafoni amamira limodzi ndi mbuzi ndi mapira. Anthu anamva kuti foni yonyowa imaikidwa mumpunga. Abale anga, mpungawo phikani ana adye. Chofunika ndi kuizimitsa nthawi yomweyo, kuchotsa batire ngati imachoka, kuchotsa simu ndi memore khadi, n'kuiika pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Chimene chimapha foni yonyowa ndi mtima wapachala, kuiyatsa kapena kuitchaja kuti tione ngati ikugwira. Ina imadzuka, ina ayi. Koma foni ndi foni, munthu akagulitsa thumba la chitowe agula ina. Nkhani imene inandilembetsa zonsezi ndi ya kakhadi kakang'ono kamene kamakhala m'katimo.

Mu 2017 boma linalemba anthu m'kaundula wa ziphaso za unzika kudzera ku NRB. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, yosalembetsa idulidwe. Lamulo labwino, sindikulitsutsa. Koma kumudzi zinayenda bwanji? Agogo mizere inawakanika, ena chiphaso chinali chisanafike, ena anangoona ulesi kuyenda padzuwa. Anatuma mnyamata wa m'banjamo, iye n'kulembetsa masimu a anthu angapo m'dzina lake. Nthawi imeneyo zinkaoneka ngati chithandizo. Anthu sanaganize kuti kuyambira pamene Airtel Money inabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, nambala ya foni inasiya kukhala yongoimbira. Inasanduka banki. Kuno kumene banki yeniyeni ili kutali, ndalama za mwana wa ku Joni, za thonje, za gulu, ngakhale zina za chithandizo pa nthawi ya ngozi, zimagona m'kakhadi kameneka.

Azakhali anga ndi mayi wamasiye, amagulitsa nsomba zouma. Foni yawo inapita ndi madzi a Freddy usiku umene anathawira kumtunda atabereka mdzukulu. Iwo sanadandaule kwambiri. Ankadziwa kuti ndalama sizikhala m'foni, zimakhala ku kampani, ndipo apa sanalakwitse. Munali ndalama za mpamba wa geni yawo ndi zina zimene amayi a gulu lawo anawasungitsa. Misewu itayamba kudutsika tinakwera njinga yamoto, awiri kumbuyo kwa mnyamata mmodzi, ulendo wa ku Nsanje boma kukatenga simu ina ya nambala yomweyo. Tinaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Itafika nthawi yathu, mtsikana wa pakauntala analandira chiphaso ndi manja awiri, anadina pakompyuta, kenaka anati, "Pepani mayi, chiphasochi ndi chanu, koma nambalayi si yanu."

Azakhali anaseka, kuyesa nthabwala. Nambala imene akhala nayo zaka zonsezi, imene makasitomala a ku Bangula amaidziwa pamtima, lero si yawo? Koma pakompyutapo panali dzina la msuweni wanga, amene anawalembetsera mu 2018 ndipo patapita chaka ananyamuka ulendo wa ku Joni. Mtsikanayo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Akanati azipereka simu kwa aliyense wobwera ndi nkhope yachisoni, bwenzi mbava zitatimaliza tonse. Lamulo limafuna mwini dzina, ndi chiphaso chake m'manja. Mwini dzinayo anali ku Johannesburg, akusuntha malo ogona mwezi ndi mwezi. Pobwerera azakhali sanalankhule njira yonse. Chinkawawawa kwambiri si mpamba wawo, koma ndalama za anzawo. Ukawauza bwanji amayi khumi amene nyumba zawo zagwa kuti ndalama zanu zilipo koma zili m'dzina la mnyamata amene simunamuonepo zaka zinayi? Ena anamvetsa. Ena anayamba kunong'ona pachitsime kuti mayi uja wadya.

Chiyambireni pamenepo, aliyense wobwera ndi foni pakhomo panga, kaya wabwerera chaja chabe, ndimamufunsa kaye kuti simuyi ili m'dzina la yani. Mayankho ake mungaseke mpaka kulira. Ya malemu amuna anga. Ya mlamu wanga amene tinayambana. Ya mnyamata amene anandigulitsa pamsika, dzina lake sindilidziwa. Onsewa ndimawauza kuti mutenge mwini dzinayo akadali moyo, mukadali pa ubale, mupite naye ku ofesi ya kampani yanu akasinthe. Zikakanika, tengani simu yatsopano ndi chiphaso chanu, musamutsireko ndalama lero lomwe, anthu muziwauza nambala yatsopano pang'onopang'ono.

M'bale wake wa vuto limeneli ndi akaunti ya Google. Munthu akagula foni yaikulu, wogulitsa amamutsegulira imelo mothamanga, pasiwedi n'kuiiwala onse awiri. Tsiku limene foniyo idzafufutidwe kuti iyambirenso, imafunsa akaunti yomwe ija, ndipo popanda pasiwedi imasanduka galasi lodziyang'anira. Chonsecho akaunti imeneyi ndi imene ingakusungireni manambala a anthu onse foni ikamira. Lembani imelo ndi pasiwedi m'kope, pamodzi ndi nambala ya IMEI imene imaoneka mukadina *#06#, yomwe apolisi amaifuna foni ikabedwa. Kopelo likulungeni m'pepala la pulasitiki limodzi ndi chiphaso ndi buku la kuchipatala. Koma PIN ya ndalama musalembe paliponse.

Za PIN imeneyi anthu a kwathu amandichititsa mantha. Munthu akundipatsa foni kuti ndimuonere bandulo, n'kufuula manambala anayi aja pagulu ngati akuitana nkhuku. Ndipo mukamva, ndi chaka chake chobadwa, chimene chalembedwa pachiphaso chomwe chili m'chikwama chimodzi ndi foniyo. Enanso amaimbiridwa ndi munthu wa mawu okoma, ati ndine wa ku likulu, mwapambana mphoto, tiwerengereni manambala asanu ndi limodzi amene alowa pa foni yanu. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukangowatchula, mawa abale anu onse alandira uthenga woti muli m'chipatala, atumize ndalama msanga. Mu WhatsApp muli malo otchedwa Two-step verification, mumaikapo nambala yanuyanu yachinsinsi, ndipo ntchito yake siitenga nthawi yophika tiyi.

Udokotala umenewu uli ndi mtolo wake. Foni ya munthu ndi kuchipinda kwake, ndipo ine ndalowa m'zipinda zambiri za m'dera lino mosafuna. Ndimadziwa amene ali ndi ngongole ya katapila, ndimadziwa amene anasunga dzina la chibwenzi kuti "Makaniko 2". Mtolankhani mwa ine amayabwa, koma zimenezo si nkhani za nyuzi. Bambo wina wolemekezeka ndithu anabwera madzulo ndi foni ya akazi ake, ati mayi a kunyumba aiwala pateni, nditsegulireni. Ndinati, "Bambo, abwere okha mayiwo, nditsegula ali pompano." Mpaka lero tikakumana pamsika amayang'ana kumbali, ndipo mbatata za kumunda kwawo zinasiya kufika kwathu.

Azakhali anatenga simu yatsopano m'dzina lawo, ndipo geni anaiyambiranso ndi ndalama yobwereka kwa mchimwene wawo. Amayi a gulu anawabwezera pang'onopang'ono kuchokera m'nsomba zomwezo, miyezi isanu ndi iwiri, asanaone ndi tambala yomwe ya m'nambala yakale ija. Msuweni wanga anabwera pa Khirisimasi ya 2023, atavala jekete lachikopa padzuwa la Nsanje. Asanamwe ndi madzi omwe, azakhali anamukweza njinga yamoto, chiphaso chake atachigwira iwo. Ndalama anazipeza zonse. Pakompyuta paja, pa dzina la mnyamatayo, panatuluka masimu ena atatu a anthu a m'mudzi mwathu, ndipo mwini wa imodzi mwa izo tinamuika m'manda chaka chomwecho.