Woumba mbiya adyera m'phale

Inu amayi ndi abambo amene mumapsa ndi dzuwa tsiku lonse pa msika waukulu wa Zomba, pa Mpondabwino ngakhale pa Chinamwali, ndiloleni ndikufunseni kafunso kamodzi. Kodi ana anu analawa liti chitumbuwa chathunthu chochokera m'beseni lanulo?

Ine ndakulira m'nyumba ya zitumbuwa ku Chikanda, koma kunena mosabisa, zaka zambiri chimene ndinkachidziwa ndi zinyenyeswa ndi zopserera basi. Amayi ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, chisanu chotsika m'phiri chikuluma zala. Nthochi za makumbuka zakupsa mpaka khungu kuda ankazisinja mumtondo, n'kuthiramo mgaiwa, kamchere ndi soda pang'ono. Shuga ayi. Ati nthochi yakupsa bwino siifuna wothandiza. Nkhuni zinali za paini, zija amatsika nazo pamutu amayi ochokera kuphiri.

Ife ana ntchito yathu inali kukoleza moto ndi kuwerenga. Kuwerenga basi! Chitumbuwa chilichonse chinali ndi mwini wake chisanatuluke m'chiwaya: ichi cha lendi, ichi cha sopo, ichi cha chiphaso cha pamsika. Ukangotambasula dzanja, chipande chinkakupeza msanga.

Tsiku lina ndili Sitandade 4 mtima unandigonjetsa. Ndinabisa chimodzi chotentha m'thumba la kabudula, n'kukadyera kuseri kwa bafa. Mafuta aja anandiulula. Ndinkayembekeza mkwapulo, koma amayi anangokhala pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, wadya mchere wa mawa." Bwenzi atangondimenya, chifukwa mawu amenewo anandipweteka kuposa ndodo.

Kaya nawonso anaganiza zotani usiku umenewo, koma Lamulungu lotsatira titabwera kutchalitchi anayatsa mbaula masana, chinthu chimene sichinkachitika. "Lero chiwaya ndi cha pakhomo," anatero. Ndipo unasanduka mwambo. Ankayamba ndi zamchere: fulawa, dzira limodzi, anyezi woduladula, tomato ndi madzi, n'kuthira m'chiwaya mopyapyala ngati chapati. Izi tinkadyera nyemba kapena matemba a ku Chilwa. Kenaka zotsekemera, za nthochi zomwe zija koma zazikulu ngati chikhatho, shuga wowaza pamwamba. Nyengo ya mabulosi, achimwene akakwera msewu wa Ku Chawe kumene anyamata amagulitsa zipatso kwa alendo, ankabwera ndi kambale ka otsala madzulo, ofewa amene azungu awakana, ife n'kumapaka pa zitumbuwa milomo bii! Ngakhale abambo, amene masiku onse ankadyera paokha, tsikulo ankakhala nafe pamphasa. Panalibe wowerenga.

Lero zinthu zinasintha, ndipo inu mukudziwa kuposa ine. Matenda a chisaka anapululutsa minda ya nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpaka dziko lino kumadya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mafuta ophikira, fulawa ndi shuga n'kuthawira kumwamba. Chitumbuwa chinachepa thupi, mtengo n'kunenepa. Amayi anaupirira mpaka pamene maso anayamba kuvuta ndi utsi wa zaka zonse zija. Beseni lija tsopano amachapiramo zovala.

Ndiye Lamulungu lililonse ndimapita ku Chikanda ndi phava la nthochi ndi kabotolo ka mafuta. Anzanga amaseka, ati mwamuna mzima kugwada pa mbaula. Asekeni. Ulendo woyamba zitumbuwa zanga zinamwa mafuta ngati thonje. Amayi ali pampando anangomva kulira kwa chiwaya n'kuti, "Moto wachepa, iwe. Mafuta azikhala ataitana usanaponye." Ulendo wachiwiri ndinachulutsa soda, zinawawa. Pano ndayamba kukhoza, ngakhale iwo amati zanga ndi za munthu wa pensulo.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi ichi. Sabata yatha nditaika mbale patsogolo pawo, ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ankawerenga! Kenaka dzanja lawo linadumpha zabwino zonse n'kukatola chophwanyika chimene chinali pambali. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija, ngakhale pa chiwaya cha Lamulungu, iwo sanadyepo chathunthu. Ife tinkadya, iwo ankatola zotsala m'mphepete. Ndinawalanda n'kuwapatsa chachikulu. "Amayi, lero idyani ichi." Anachitembenuza kawiri ngati wogula wovuta, n'kuseka. "Ichi chikanagulitsidwa msanga," anatero, kenaka anadya.

Akuluakulu anati woumba mbiya adyera m'phale. Sindikunena kuti mudye mpamba, ayi. Ndikudziwa kuti wakatapila samva za Lamulungu, ndipo landilodi alibe tchuthi. Koma nthochi zitatu zimene zafewa kwambiri, kapu ya mgaiwa ndi mafuta otsala m'chiwaya sizingagwetse geni. Patulani tsiku limodzi, muphikire a m'nyumba mwanu osawerenga. Ndipo mukatero, inunso amayi, tolani chathunthu.