Chala cha Amalume ndi Kachipangizo ka Miyendo Itatu

Amalume anga ankakonza mawailesi pakhonde la golosale ku Mponela. Thebulo lawo linali la matabwa atatu, pambali pake pali mbaula, ndipo pamakalapo pankakhala chitsulo chowotcherera. Ntchito yanga inali kukupiza moto kuti chitsulocho chisazirale. Munali mu 1984, ine ndili ndi zaka 12. Anthu ankabwera ndi mawailesi a Nzeru atawakulunga m'chitenje ngati mwana wodwala, ena atapalasa njinga mtunda wautali, pofuna kuti madzulo amve nkhani ndi mauthenga a maliro pa MBC.

Pansi pa thebulopo panali chitini cha mkaka wa ufa, ndipo chuma chonse cha amalume chinkagona m'menemo. Munali tizipangizo ta miyendo itatu totchedwa ma transistor, tozulidwa m'mawailesi amene anali atafa osadzukanso. Tina tinali takale ta germanium, tovala chipewa chachitsulo ngati AC128, tina ta silicon tokutidwa ndi pulasitiki yakuda. Kena kakapsa m'wailesi ya munthu, amalume ankakhuthulira chitini chija pa nyuzipepala n'kuyamba kufufuza kofanana nako. Mafunso anali awiri okha: kodi ndi NPN kapena PNP, nanga kali moyo? Akakawotcherera, ankaika mabatire, n'kuyatsa wailesi, kenako n'kugwira dzanja langa.

"Mwanawe, khudza apa. Kakafunda pang'ono, kakugwira ntchito. Kakakuwotcha, ndiye kuti kakulira. Kachotse kasanafe."

Masiku amenewo kusankha kunalibe. Unkagwiritsa ntchito chimene chitini chakupatsa, ndipo woweruza womaliza chinali chala. Komanso kwa ife transistor inali ndi ntchito imodzi basi, yokweza mawu. Inkatenga kamphekesera kofooka kotoledwa mumlengalenga n'kukasandutsa mawu omveka bwalo lonse. Ndinali nditakula kale pamene ndinawerenga kuti kachipangizoka kanapangidwa mu December 1947 ku Bell Labs ku America, ndi John Bardeen ndi Walter Brattain, m'gulu lotsogozedwa ndi William Shockley, ndi kuti atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 1956. Amalume sankawadziwa maina amenewa, koma khalidwe la kachipangizoko ankalidziwa monga mlimi adziwira ng'ombe yake.

Ntchito ya amalume inayamba kutha pang'onopang'ono. Kunabwera mawailesi otchipa okhala ndi kachipangizo kamodzi kamiyendo yambiri, kamene kakapsa palibe chokonza. Kunabwera mafoni, mababu a LED ndi ma sola padenga la udzu. Ine ndinatsata mphepo: ndinayamba kulumikiza ma sola ndi mabatire m'nyumba za anthu. Ndinkaganiza kuti nkhani ya miyendo itatu ija inapita ndi amalume kumanda.

Inandibwereranso kudzera kukhomo lina. Mnzanga wina wochokera ku Johannesburg anandibweretsera kabolodi kabuluu kotchedwa Arduino Uno. Ntchito ya Arduino inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, cholinga chake n'kuti ophunzira athe kulamula zipangizo popanda kukhala akatswiri. Pamtima pa kabolodiko pali microcontroller, kakompyuta kakang'ono kamene umakalembera malamulo: nthawi yakuti uyatse, dothi likanyowa uzimitse. Ndinaona pomwepo chimene ndinkafuna. Kudimba kwanga ndinali ndi pampu ya 12 volts yokoka pafupifupi 2 amps, ndipo ndinkalakalaka kuti izithirira tomato yokha m'mamawa ine ndili kuntchito.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti microcontroller ili ndi nzeru koma ilibe mphamvu. Mwendo umodzi wa Arduino Uno umatulutsa 5 volts, ndipo sibwino kuukoketsa zoposa 20 milliamps. Pampu yanga inkafuna zochuluka kuwirikiza ka 100. Pakati pa wolamula ndi wogwira ntchito pankafunika wachitatu, womva kunong'ona kwa kabolodi n'kutsegulira mphamvu ya batire ngati mpopi. Wachitatuyo anali transistor, mnzanga wakale uja. Tsopano ntchito yake sinalinso yokweza mawu, koma yotsegula ndi kutseka.

Ndinayamba ndi zimene ndinkadziwa. Ma transistor a mtundu wa amalume, monga BC547, amatseguka ukawathira kamphamvu pang'ono pa mwendo wotchedwa base. BC547 imanyamula mpaka 100 milliamps, choncho poyatsa kababu kapena relay yaing'ono imakwana bwino, bola uike resistor ya 1 kilohm pakati pake ndi kabolodi. Koma kuti transistor yotere itseguke kotheratu, amisiri amawerengera kuti base ilandire gawo limodzi mwa magawo 10 a katundu amene ikunyamula. Pa pampu ya 2 amps, ndiye kuti 200 milliamps, pamene kabolodi kangapereke 20 yokha. Ndinatenga TIP120, yomwe m'kati mwake muli ma transistor awiri oberekana, wina kukankha mnzake. Pampu inalira, madzi anatuluka, mtima wanga unasangalala. Patapita mphindi zochepa ndinachita zimene dzanja langa linazolowera kuyambira ubwana: ndinakhudza. Chala chinabwerera chokha.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Transistor yoberekana yotere, ngakhale itatseguka, imasunga volt imodzi kapena kuposerapo. Volt imodzi kuchulukitsa ndi 2 amps ndi 2 watts, zonse zosanduka moto pa kachipangizo kochepa ngati chikhadabo. Pampu inkalandira 11 volts m'malo mwa 12. Kwa munthu wa magetsi a pamzere zimenezi zingaoneke zazing'ono. Kwa ife odalira batire imene yamwa dzuwa tsiku lonse, 2 watts ndi babu la LED limene mwana akanawerengera madzulo.

Yankho linali mtundu wina wa transistor umene sunkapezeka m'chitini cha amalume, wotchedwa MOSFET. Unapangidwa ku Bell Labs komweko mu 1959 ndi Mohamed Atalla ndi Dawon Kahng. Uwu supempha kuthiridwa mphamvu mosalekeza. Mwendo wake wolamula, wotchedwa gate, umangofuna kuona voltage yokwanira, ndipo njira imatseguka n'kukhala ngati waya wamba. Ndinapeza IRLZ44N, imene pa 5 volts imatsala ndi kukana kwa 0.025 ohms kokha. Pa 2 amps, motowo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a watt imodzi. Ndinaika resistor yaing'ono panjira yopita ku gate, ina ya 10 kilohms yoikokera pansi kuti pampu isadzuke yokha kabolodi kakamayamba, ndi diode pa mawaya a pampu, chifukwa mota ikazimitsidwa mwadzidzidzi imabweza mphamvu ngati bulu woponya chidendene. Nditakhudza, kachipangizoko kanali zii, kozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinakhala pansi pamzere wa tomato, ndikuganiza za amalume, amene moyo wawo wonse ankadziwa kuti chogwira ntchito chimafunda.

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira zamagetsi kusukulu ya ntchito zamanja, anabwera patchuthi ndi kabolodi kake. Kake ndi ESP32, kopangidwa ndi kampani ya Espressif ya ku Shanghai, komwe kanatuluka mu 2016 ndipo kamalumikizana ndi foni popanda waya. Ankafuna kuyatsa pampu ya amayi ake ali m'nyumba. Anali atagula MOSFET yaikulu, IRF540N, poona kuti pachikalata chake palembedwa 33 amps ndi 100 volts.

"Amalume, taonani, pampu ikungong'ung'udza, madzi akungodontha. Chikhalirecho transistor ndagula yamphamvu."

"Mwanawe, khudza apa."

Anakhudza, n'kuchotsa chala msanga. Ndinamuuza kuti atsegule datasheet pafoni yake, chikalata chimene opanga amafotokozamo khalidwe lonse la kachipangizo. Tinawerenga limodzi, mitu itagundana. IRF540N ndi yabwino pamalo pake, koma malonjezo ake onse amaperekedwa gate ikalandira 10 volts. Kabolodi ka mtsikanayu kamatulutsa 3.3 volts basi. Iye anandilozera mzere wina monyadira: paja apa akuti imayamba kutseguka pakati pa 2 ndi 4 volts? Ndinamuonetsa timalemba tating'ono pambali pake. Nambala imeneyo imanena za pamene chitseko changoyamba kusuntha, pongodutsa 250 microamps, osati pamene chatseguka kuti ngolo idutse. Chitseko chotseguka theka ndicho chimabala moto. Ngakhale IRLZ44N yanga ija, malonjezo ake amathera pa 4 volts. Tinasankha AO3400, kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, kamene chikalata chake chimalonjeza kutseguka bwino ngakhale pa 2.5 volts, ndipo kamapirira 30 volts. Kukawotcherera kunafuna maso ake, osati anga. Madzulo amenewo mchemwali wanga anayatsa pampu ali chikhalire pamkeka.

Ndikayang'ana zaka 40 zimenezi, ndimaona kuti chasintha kwambiri si kachipangizoko ayi, koma funso limene mmisiri amadzifunsa. Amalume ankafunsa kuti, ndili ndi chiyani? Mwana wa mchemwali wanga ayenera kufunsa kuti, katundu wanga akukoka zingati, batire ndi ya ma volt angati, kabolodi kanga kangapereke chiyani, ndipo pa zimene kangaperekezo chitseko chitseguka mpaka pati? Mabolodi atsika kuchoka pa 5 volts kufika pa 3.3, ndipo kutsika kulikonse kumasiya m'mbuyo chipangizo chimene dzulo chinali choyenera. Nzeru zimene kale zinkabisala m'mabuku okhuthala a m'masitolo a m'tauni, lero zili m'thumba la mwana aliyense wa foni. Ichi ndi chinthu chachikulu, ndipo ndimachiyamikira ndi mtima wonse. Koma kuchuluka kwa zosankha kwabweretsa msampha wake: kukopeka ndi nambala yaikulu ya pamwamba pa tsamba, osatsika kukawerenga timalemba ta pansi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Masiku ano wofunsidwayo ndi datasheet, ndipo imayankha mokhulupirika kwa amene waifunsa funso loyenera.

Komabe sindingalole kuti chikalata chilowe m'malo mwa chala. Pepala limanena zimene kachipangizo kayenera kuchita, chala chimanena zimene kakuchita panopa, padzuwa la October, m'kabokosi kopanda mpweya, pampu itatsamwa ndi matope. Pa magetsi ochepa ngati a batire ya 12 volts, kukhudza pulasitiki ya transistor ndi muyeso umene sunandinamizepo. Pa magetsi a pamzere chala sichiyandikira n'komwe, ndipo zimenezi ndinamuuza mtsikanayu kawiri konse.

Chitini cha amalume ndikadali nacho. Tsiku lobwerera kusukulu, mwana wa mchemwali wanga anachitsegula, natola AC128 imodzi, naiyang'anitsitsa padzuwa. Kenako anatulutsa m'chikwama chake IRF540N ija, imene anali ataizula pabolodi, naiponya m'chitinimo.

"Isungeni, amalume. Tsiku lina tidzapeza ntchito yoyenera iyo."

Ndinatseka chitini n'kuchibwezera pansi pa thebulo, pamalo pake.