Gitala ya blues pa masipika a ukwati

Ntchito yanga ndi yokuza mawu. Kumapeto kwa sabata ndimanyamula masipika, mikisa ndi mawaya kupita nazo kumaukwati, kumisonkhano ya mpingo ndi kumalo achisangalalo muno mu Kafue, kuyambira ku Estates mpaka ku Shikoswe, mwinanso kumaloji a m'mbali mwa mtsinje. Oimba kalindula ndi a nyimbo za uthenga sandivutitsa kwenikweni. Wonditulutsa thukuta ndi mnyamata amene wakhala akumvera B.B. King, n'kubwera wopanda ampu, wangonyamula gitala ndi kapedulo m'chikwama. "Bamudala, ndilowetseni mu mikisa."

Ukamulowetsa choncho, gitala imathetheka ngati kapenta wagwera m'mafuta otentha. Iye amayamba kukuyang'ana ndi diso loipa, poganiza kuti zida zako n'zachabe. Pomwe zida zilibe mlandu.

Nkhani yagona pa sipika. Ya mu ampu ya gitala, ija ya mainchesi 12, ndi yogontha kumtunda: ikafika cha pa 5 kHz imayamba kufooka, mawu opitirira pamenepo n'kuwameza. Kugontha kumeneko ndiko kumafewetsa gitala mpaka kumveka ngati ikulira ndi pakhosi. Sipika ya pa ukwati anaipangira ntchito ina. Iyenera kutulutsa zonse, mawu a mkwatibwi, kiyibodi, ng'oma, ndipo tweeter yake imakwera kufika cha ku 20 kHz. Tsono pedulo ya overdrive imabala timawu tambirimbiri tapamwamba, tomwe ampu ikanatibisa, koma tweeter imatimwaza tonse m'makutu mwa alendo. Mvetserani mbale za Zamrock za m'ma 1970, za Paul Ngozi, WITCH kapena Amanaz. Fuzz yake ndi yolusa, komabe siboola khutu, chifukwa inkadutsa kaye m'sipika ya ampu isanafike pa tepi.

Njira imene ndimaikonda ndi yakale yomweyo. Kaampu kakang'ono, ngakhale ka mawati 15, n'kuika maikolofoni ya Shure SM57 pafupi ndi nsalu yake. Sindiilozetsa pakati penipeni pa sipika, pamenepo m'pamene pali ukali wonse. Ndimaisunthira pambali pang'ono, mwina zala ziwiri kapena zitatu, ndikumvetsera mpaka mawu anenepe. Ampu yaing'ono imakomanso chifukwa umaitsegula ndithu mpaka iyambe kusasa yokha, osagonthetsa apongozi amene akhala kutsogolo. Kukuza kwenikweni n'kwa ine ndi masipika anga.

Ampu ikasowa, pali zinthu ziwiri zoti zikonzedwe. Choyamba, gitala isalowe yokha pa khomo la line. Mapikapu ake amafuna khomo la pafupifupi megaohm imodzi, pomwe la mikisa nthawi zambiri limakhala cha pa ma ohm 10,000, ndiye mawu amafika atafota kale. DI box yoyendera mphamvu, kapena pedulo yokhala ndi buffer, imathetsa zimenezo. Chachiwiri ndi kuchita ndi manja zimene sipika ya ampu ikanachita yokha. Ndimadula zonse za pansi pa 100 Hz, kuti gitala isalimbane ndi bezi. Nsambo yaikulu ya gitala imalira pa 82 Hz, koma m'bandi palibe amene amadandaula ikachepetsedwa pamenepo. Kumtunda ndimatsitsa kuyambira pa 5 kHz mopanda chisoni. Pakati, cha pa 800 Hz, ndimakweza pang'ono. Mapedulo amakono ambiri ali ndi cab sim, yotsanzira bokosi la ampu, ndipo anyamata ena amayenda nayo chaka chonse ili chozima osadziwa.

Anzanga ena a ntchitoyi amakonda EQ yokweza bezi ndi treble, pakati n'kukumba dzenje. Pa nyimbo za DJ zimatheka. Pa blues ndiye kuti wachotsa gitala yonse, poti iyo imakhala m'dzenje momwemo.

Palinso za magetsi. Akathima n'kuyatsa jenereta, gitala ya mapikapu a single coil, monga Stratocaster, imatola mng'ung'udzo wa 50 Hz, ndipo gain ikachuluka umakula nawo. Ndimauza woimba kuti atembenuke pang'ono mpaka uchepe, kapena aike switch ya mapikapu pa malo achiwiri kapena achinayi, pamene pa magitala ambiri mapikapu awiri amazimitsirana phokosolo. Nthawi zina ndimangomupempha kuti achepetse gain ndi theka. Ambiri amakana poyamba, poti kuchipinda kwawo imamveka bwino. Muholo yodzaza anthu gain yochuluka imaphwanya manotsi, osamvekanso pomwe chala chakoka nsambo, pomwe blues imadalira kukokako.

Inu achinyamata a magitala, ampu yaing'ono imakwana bwinobwino pamiyendo mu minibasi yochokera ku Lusaka. Bwerani nayo, ndipo muzifika alendo asanayambe kulowa kuti tiyese mawu tili awiri.