Nkhalamba ya pa Khonde la Sitolo

Pa khonde la sitolo ina mu Limbe pamachezera mkulu wina wa imvi, chibonga chili m'manja. Ndiye mlonda. Pa unyamata wake anakakumba golide ku Joni, ndipo boma litaimitsa Wenela mu 1974 anabwerako ndi njinga ndi mabulangeti awiri. Zonsezo zinatha, ndi mphamvu zomwe.

Lamulo la penshoni la 2011 linati bwana azimsungira wantchito makwacha 10 pa 100 alionse a malipiro, mwini wake naikapo 5. Lamulo lokoma ndithu, koma iye linampeza dzuwa litapendeka. Tsono munthu woyenera kuotha moto ndi adzukulu amalonda chuma cha eni, pakuti kwina konse kumene anakapempha ntchito anayamba amfunsa zaka zake.